Chaka Chimene Ndinamulanda Ndowa Msuweni Wanga

Pakhoma la kalasi yathu ya Sitandade 6, m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, panali katoni ya sopo imene aphunzitsi anaitambasula n'kuikhoma ndi misomali inayi. Anailemba mabokosi asanu ndi awiri, tsiku lililonse bokosi lake, ndipo m'bokosi lililonse anajambulamo kamunthu ka miyendo yowonda ngati timitengo ta machesi. Kena kakuthamanga, kena kakudumpha chingwe, kena kawerama kugwira zala za kumapazi, kena kagona chafufumimba kakudzikankha ndi manja. M'bokosi lomaliza, la Lamulungu, munali kamunthu kogona chagada patsinde pa mtengo, katapinda manja kumutu. Ameneyu tinamupatsa dzina lakuti Kaulesi, ndipo aliyense wosinza m'kalasi ankatchedwa m'bale wake. Dzuwa likatentha malata, katoniyo inkanunkhabe sopo.

Aphunzitsiwo anali mnyamata wa kumapiri, ndipo kutentha kwa kwathu kunyanja kunkawazunza kwabasi. Pofika teni koloko malaya awo ankakhala atamatirira kumsana. Asanayambe uphunzitsi anapitako kukampu ya achinyamata, ndiye mafizo olimbitsa thupi anali m'magazi mwawo. Aphunzitsi ena pa nthawi ya masewera ankangotiponyera mpira n'kukakhala pamthunzi. Iwo ayi. Ankatifoletsa pamzere, wezulo ili pakamwa, n'kuyamba ndi kutiyendetsa ndawala mozungulira galaundi, kupukusa mapewa, kupinda mawondo, kudziwongola, mpaka thukuta loyamba lituluke. "Thupi lozizira silithamanga, limang'ambika," ankatero. Ankatiuzanso kuti kulimba kwa thupi kuli pamitundu inayi: mpweya wofika nawo patali, mphamvu zonyamulira, liwiro, ndi kufewa kwa mfundo. Mtundu uliwonse uli ndi chakudya chake, ndipo wofuna liwiro asamadye chakudya cha wofuna mpweya. Ife tinkavomera kuti inde aphunzitsi, monga tinkavomerera chilichonse masiku amenewo.

Ine zonsezi sindinkazilabadira, chifukwa ndinali kale mfumukazi ya galaundi imeneyo. Pa mtunda waufupi, wa mayadi handiredi, panalibe mtsikana wondiona kumaso. Onse ankangoona fumbi la zidendene zanga. Ndipo chaka chimenecho ndi chomwe ndinkachidikira, poti a Sitandade 6 ankaloledwa kukwera lole yopita ku mpikisano wa masukulu ku boma la Salima. Pa mtunda uliwonse wothamanga, waufupi kapena wautali, sukulu inkatumiza mtsikana mmodzi basi. Malo a mtunda waufupi ndinkawawerengera ngati chitenje changa chomwe. Lole ndinali ndisanakwerepo, ndipo sitima ya pamtunda yofika ku Salimako ndinkangoimva m'nkhani za anthu.

Msuweni wanga anafika mu Epulo, nthawi imene asodzi amaloledwa kubwerera ku Mbenji. Pachilumbapo mkazi sapondapo, ngakhale kamtsikana, ndiye amalume sakanapita naye. Zaka zonse ankatsala ndi amayi ake, koma amayi akewo anali atamwalira dzinja lapitalo. Amalume anabwera naye m'mawa wina, atanyamula kamtolo ka zovala ndi bulangete lothothoka. Anayankhula ndi amayi pang'ono kuseri kwa nyumba, kenako n'kutsetserekera kudoko. Mtsikanayo sanalire. Anayika kamtolo kake pakona, n'kufunsa komwe timasunga tsache.

Ankandiposa ndi chaka chimodzi, wamtali, wowonda, wosayankhulayankhula. Chisuweni chonyozana ndi kuseka chija analibe nacho ntchito. Ndikamunena kuti miyendo yake ili ngati ya kakowa, ankangomwetulira n'kupitiriza zomwe akuchita, ndipo nthawi zonse ankakhala akuchita kanthu. Kumzikiti kukangomveka kuitana kwa m'bandakucha, iye ali kale panja ndi ndowa. Nyumba yathu inali kumtunda, ndipo pakati pa ife ndi madzi panali mchenga wofewa umene umameza phazi mpaka m'kakolo. Ankapita maulendo atatu tisanapite kusukulu. Tikaweruka ankasinja, n'kukathandiza amayi kututa usipa pathandala ndi kusenza madengu mpaka kumsewu. Palibe amene ankamutuma. Amayi ankangoti, "Taona mnzako." Mawu awiri okhawo ankandilowa ngati munga wa kampango.

Kusukulu anamuika m'kalasi yathu. Tsiku lake loyamba la mafizo aphunzitsi anati tizungulire galaundi kanayi. Ine ndinatsogola ulendo woyamba monga mwa masiku onse, wachiwiri ndinayamba kupuma wefuwefu, wachitatu ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, opepuka, osapupuluma. Anandidutsa osatembenuka n'komwe. Atamaliza kanayi sanaime, chifukwa sanamve kuti tauzidwa kangati. Anazungulira kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, mpaka aphunzitsi anaimba wezulo kawiri. Ataima sanagwire mawondo ngati ife tonse. Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana wotchi yawo, n'kumuyang'ananso. Zaka zonse zomwe ndinawapambanira, ine sanandiyang'anepo choncho.

Sabata yotsatira anatigawa. Anandiloza ine n'kunena kuti ndine wa liwiro, n'kuloza msuweni wanga kuti ndi wa mpweya. Lero ndikudziwa kuti munthuyo ankaidziwa ntchito yake, ndipo kuti malo anga palole sanawakhudze n'komwe. Koma taonani mmene zinkaonekera kwa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri. Ine ankandiuza kuti ndithamange ndi mphamvu zanga zonse kuchoka pagolo mpaka pakati pa galaundi, ndibwerere choyenda, ndikhale pansi pa mtengo mpaka mtima utsike, kenako ndibwerezenso. Kasanu, basi, ndizipita kwathu. Nthawi yokhala pansi inkachuluka kuposa yothamanga. Pamene ine ndikuwerenga nyerere pamthunzi, iwo ankatenga njinga yawo n'kutsetsereka ndi msuweni wanga kugombe. Iye akuthamanga pamchenga wonyowa, iwo akupalasa m'kanjira ka m'mbali, wotchi ili m'manja. Sabata yoyamba ankathera pamathandala a usipa. Yachiwiri anafika pamzikiti. Yachitatu anapitirira pang'ono, mpaka pomwe amakhoma mabwato. Ankawonjezera pang'onopang'ono, ndipo mtsikanayo akapempha kuti afike kumiyala tsiku lomwelo, ankamukaniza kuti miyalayo sithawa.

Pobwerako ankakhala akucheza. Msuweni wanga, amene kunyumba mawu ake ankachita kuwasunga ngati mchere wa njala, ankaseka ndi aphunzitsi anga. Ndinkamva nsanje mpaka m'mano. Ndinkaona kuti iye akupatsidwa nyama, ine msuzi.

Tsiku lina anyamata anafunsa aphunzitsi kuti kodi mtsikana ameneyu amadya chiyani. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Miyendo iyi inaumbidwa ndi mchenga ndi ndowa." Ine ndinali pafupi, ndikunamizira kuchotsa munga kuphazi. Mawu amenewo ndinawaphatikiza ndi ena omwe ankakonda kutiuza tikamatsekera sukulu, akuti mphamvu ndi mlendo, ukasiya kumusamala amanyamuka. Ndiye nzeru zinandibwerera, zija zobwera kwa munthu amene wamva theka la phunziro. Ngati mphamvu zake zili mu ndowa, ndimulande ndowayo. Iye afooke, ine ndilimbe. Ndikamugonjetse pa mtunda wake womwe, aphunzitsi akuona, kuti njinga ija izitsata ine.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanaitanidwe kumzikiti. Pamene iye ankatuluka, ndowa inali kale m'manja mwanga.

"Khala pansi, msuweni," ndinatero. "Madzi ndikatunga ndine."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china. Ananditsatira mpaka kunyanja chimanjamanja, n'kubwerera nane chimanjamanja, akuyesa kundilandira panjira, ine ndikukana. Ndowa yoyambayo sindidzaiiwala. Nkhata inkaterereka, madzi ozizira akutsikira m'khosi mpaka kumsana, mchenga ukundibweza phazi lililonse. Iye ankapita katatu, ndiye ine ndinapita kanayi. Masana ndinamulanda munsi. Madzulo ndinamulanda dengu. Akagwira tsache ndinkamutsomphola. Masiku oyamba ankangozungulira pabwalo, manja ake akusowa pogwira. Kenako tsiku lina nditabwera ndi ndowa yachiwiri ndinamupeza akadali pamphasa, atadzipinda m'bulangete lake lija, ali m'tulo tofa nato, dzuwa litatuluka kale. Mumtima ndinati eya, wayamba kufooka.

Sindinalekere pomwepo. Lamulungu, tsiku la Kaulesi, tikachoka kutchalitchi ndinkanamizira kukachapa, n'kuthamanga ndekha mpaka kumiyala kuja komwe iye anali asanaloledwe kufika. Zotenthetsa thupi ndinalibe nazo nthawi. Ndinkangovula diresi la kutchalitchi, kuvala lakale, n'kuliyatsa liwiro dzuwa lili paliwombo. Pobwerera ndinkachita kudzikoka, m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna ndulu ya nsomba.

Amayi anaziona zonse za pakhomo, n'kuzimva mwa njira yawo. Ndinawamva akuuza amayi ena pathandala kuti mwana wawo wakula, akudziwa kumvera chisoni mwana wamasiye. Anandigulira chitumbuwa. Ndinadya, koma sichinatsike bwino. Chiyamiko chimene ndinkachifuna kwa mwezi wathunthu chinabwera, koma chinabwera pa chinthu chimene sindinachite.

Patatha masabata atatu, zinthu zinayamba kuyenda chammbuyo. Msuweni wanga masaya anayamba kudzaza. Khungu lake, lomwe linali lotuwa ngati la munthu wogona paphulusa, linayamba kusalala. Aphunzitsi ankabwera kuchokera kugombe akugwedeza wotchi pafupi ndi khutu, kuganiza kuti yawonongeka. Ine ndiye ndinakhala m'bale wake wa Kaulesi weniweni, kusinza m'kalasi mpaka choko kundigwera pamutu. Miyendo inkaphwanya usana wonse, misongolo ikuwawa ngati wina waimenya ndi nkhafi. Chakudya sichinkandikomera. Ndinkapsa mtima ndi chilichonse, ngakhale nkhuku. Pa kasanu kanga kaja, kachitatu kankandikanika.

Aphunzitsi anandiitana m'mawa wina tisanalowe m'kalasi. Anandigwira pamkono ndi zala ziwiri, maso ali pawotchi, ndipo anapukusa mutu.

"Mtima wako ukuthamanga iwe utaima. Lamulungu ukupuma?"

"Inde, aphunzitsi."

"Kunyumba ukugwira ntchito yanji?"

"Yomweyo ya masiku onse."

Anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa kuti ndikunama. Anandiuza kuti pothamanga timangofesa, mbewu imamera tikagona, ndipo wofukula munda tsiku lililonse sakolola kanthu. Anandilamula kuti masiku atatu ndisathamange n'komwe. Ine ndinamva zina. Ndinamva kuti akufuna kundikhazika pansi kuti mwana wawo wokondedwa apitirire. M'mawa uliwonse pa asembule tinkafuula za kumvera ndi kusunga mwambo, ine mawu anga pamwamba pa onse, koma sabata imeneyo ndinawonjezera ndowa yachisanu.

Tsiku losankha opita ku boma linali mu Juni, mwera ukuwomba, nyanja itachita thovu, mchenga ukuluma m'miyendo. Mizere ya pagalaundi anaithira phulusa. Ahedi anatulutsa mipando, ndipo pampando wapakati panakhala atcheyamani a chipani a m'dera lathu, amene ntchito yawo yaikulu tsikulo inali kuona kuti madiresi athu akubisa mawondo. Tinkathamanga choncho, nsalu ikukulunga miyendo, opanda nsapato. M'mawa umenewo ndinali nditatunga kale madzi anga onse.

Wezulo italira pa mtunda waufupi, mutu wanga unanyamuka koma miyendo inatsala. Sindikudziwa kuti ndingazifotokoze bwanji kuposa pamenepa. Ndinkaituma, iyo n'kumayankha mochedwa, yolemera ngati mitondo. Mwana wa akalipentala, amene chiyambire Sitandade 3 ankangoona msana wanga, anandidutsa. Anandidutsanso wina. Ndinafika wachitatu. Anyamata anayamba kukuwa. Malo anga palole anapita pamaso panga, m'kanthawi kosakwana kumwa kapu ya madzi.

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kulira. Ine ndinapita kwa aphunzitsi kukapempha kuti ndithamange nawo mtunda wautali. Anakana. Ndinapita kwa ahedi, pamaso pa atcheyamani, ndipo atcheyamaniwo anati mwana wa mtima wotere ndiye amene dziko likufuna, musiyeni athamange. Mawu a atcheyamani aphunzitsi sakanawatsutsa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo tsiku limenelo pusi ndinali ine.

Ndinanyamuka ngati ndikuthamanga mayadi handiredi. Ulendo woyamba ndinali patsogolo, ndipo ndinamva kukoma kwake, sindinama. Pakati pa ulendo wachiwiri katumba wa mwendo wamanzere anakokana, n'kuuma gwa ngati mwala. Ndinagwa chafufumimba, phulusa la mzere lili m'kamwa. Atsikana anandilambalala, wina anandidumpha. Mapazi opepuka aja anafika n'kuima. Msuweni wanga anandigwira m'khwapa, n'kundikokera kunja kwa mzere, n'kuyamba kundiwongola phazi monga aphunzitsi anatiphunzitsira. Aphunzitsi ankafuula kuti apite, andisamala okha. Iye anadikira mpaka aphunzitsiwo atafika. Pamene ankanyamukanso anzake anali atamusiya ndi theka la galaundi. Anawatola mmodzimmodzi, osapupuluma, ndipo anapambana. Ndinaonera nditagona pansi, ndipo chimene chinandipweteka kuposa mwendo n'chakuti anapeza nthawi yondichitira chifundo n'kupambanabe.

Lole inabwera Loweruka lotsatira. Ndinaimva ndili m'nyumba, poti ndinakana kutuluka. Ndinamva injini, ndinamva nyimbo, ndinamva mawu a mwana wa akalipentala akutsogolera nyimbo imene ndinkayenera kutsogolera ine. Amayi anaperekeza msuweni wanga mpaka kumsewu, atamumangira mbatata yootcha pakansalu. Anamubwereka ngakhale mpango wawo wa kutchalitchi, umene ine sankandilola kuugwira.

Tsiku lomwelo amalume anatulukira kuchokera ku Mbenji ndi dengu la utaka wouma, kudzaona mwana wawo masiku awiri. Anali atada ndi dzuwa, manja atang'ambika ndi zingwe za khoka. Anakhala pakhonde ndi amayi kudikira lole, ndipo inabwera dzuwa likadalipo, ana akuimba ndi mawu osasa. Msuweni wanga anatsika atanyamula mbale yachitsulo yoyera, ya maluwa ofiira m'mphepete. Anali atapambananso ku boma.

Anagwada kupereka moni kwa bambo ake, koma mbaleyo sanawapatse. Sanapatsenso amayi. Anabwera pomwe ndinakhala ine, pakona pa khonde, mwendo nditautambasula, n'kuiika pamiyendo panga ndi manja awiri.

"Ndi yako iyi," anatero. Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, chimwalirireni amayi palibe amene anandiuzapo kuti ndipume. Ndi uyu yekha. Anadzipweteka chifukwa cha ine."

Aka kanali koyamba kumumva akutchula amayi ake. Amalume anayang'ana pansi nthawi yaitali, akupukuta m'maso ndi chala chachikulu. Kenako anandigwira pamutu ndi dzanja lawo lokhakhala, lonunkha nsomba, n'kunena kuti, "Mphwanga, Mulungu akusunge." Amayi ankangogwedeza mutu monyadira.

Pakamwa panga panali potsegula, ndipo choonadi chinali pafupi. Sindinachinene. Ndinanyamuka motsimphina, n'kupita kuseri kwa bafa, n'kulira mokwiya, mbale ili m'manja. Iwo ankaganiza kuti ndagwidwa ndi chisoni. Mpaka lero msuweni wangayo, amene tsopano ali ndi zidzukulu, amauza ana ake kuti azakhali awo awa anataya mpikisano wawo kuti iye apambane. Ndakhala pa maukwati ndi pa maliro ndikumva nkhani imeneyi, ndipo sindinaikonzepo ngakhale kamodzi.

Kuseri kwa bafa kuja ine ndinkalirira lole, sitima imene sindinaione, ndi njinga ya aphunzitsi. Ndinkaganiza kuti msuweni wanga ankagwira ntchito zonse zija kuti andiposere pamaso pa amayi. Sizinandifike m'mutu kuti mwana wa zaka khumi ndi zitatu angakhale wotopa kuyambira tsiku la maliro a mayi ake, osauza munthu, akudzuka kusanache pakhomo pa eni, chifukwa choopa kuti tsiku limene adzapezeke atakhala chabe adzamufunsa kuti abwerera liti kwawo.